Miyendo ya pa Likhubula: Chimene Chimapambanitsa Munthu pa Mpikisano wa Paphiri la Mulanje

Mlendo wodzaona phiri la Mulanje akanyamuka pa Likhubula m'mamawa, amakafika ku Chambe dzuwa lili paliwombo, malaya atanyowa ndi thukuta, mawondo akugwedera. Amagona komweko m'kanyumba ka alendo. Kukacha amadutsa pamwamba pa phiri kulowera ku Lichenya n'kugonanso, ndipo tsiku lachitatu m'pamene amatsikira ku Likhubula kuja. Ulendo womwewu, wa makilomita oposa 20, alipo anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa phirili amene amaumaliza m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka chabe.

Amachita zimenezi pa mpikisano wa Mount Mulanje Porters' Race, umene umachitika m'nyengo yozizira, kawirikawiri mwezi wa July. Udayamba m'zaka za m'ma 1990 ngati mpikisano wa mapotala ndi magaidi okhaokha, anthu amene amadya za kusenza katundu wa alendo ndi kuwalondolera njira paphiri. Kenaka khomo lidatsegulidwa kwa aliyense. Masiku ano pamzere woyambira pamaima othamanga a m'makalabu, amayi ndi abambo, a m'tauni ndi alendo ochokera kunja, ndipo bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lakhala m'gulu la okonza mpikisanowu kwa zaka zambiri. Njira yake imayambira pa ofesi ya zankhalango ya Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya, n'kutsika kubwerera pomwe idayambira. Maina ngati a Charles Musowa kumbali ya amuna ndi Doris Fisher kumbali ya akazi adatchuka chifukwa chopambana kangapo.

Oonerera akafunsidwa chinsinsi cha opambanawa amangoti, "Ndi olimba basi." Ena amatsitsa mawu n'kutchula zitsamba ndi mizimu ya m'phiri. Kulimba kulipodi, koma kuli mitundumitundu, ndipo phirili limafunsa mtundu wina pokwera, wina pamwamba, winanso potsika. Munthu akhoza kukhala nawo umodzi wochuluka n'kugonja chifukwa chosowa unzake.

Chitunda cha ku Chambe

Kuchokera pa Likhubula kukafika m'chigwa cha pamwamba cha Chambe, munthu amakwera mamita pafupifupi 1,000 pa mtunda waufupi. Apa nkhani ndi ya mtima, mapapo ndi magazi. Minofu ya miyendo ikamagwira ntchito imafuna mpweya wa okosijeni. Mapapo amaukoka, magazi amaunyamula, mtima umapopa magaziwo kuwafikitsa kuntchafu ndi kwa akatumba. Akatswiri a zamasewera ali ndi muyezo wa okosijeni wochuluka kwambiri amene thupi lingagwiritse ntchito pa mphindi imodzi, ndipo amautcha VO2 max. Mnyamata wathanzi koma wosathamanga amakhala pa mamililita 35 mpaka 45 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Akatswiri othamanga mitunda italiitali amapitirira 70.

Tamvani mawu akuti "pa kilogalamu iliyonse". Pokwera phiri munthu amasenza thupi lake lomwe, ndiye wa makilogalamu 65 amagwira ntchito yoposa ya mnzake wa makilogalamu 60 ndi 8 peresenti, chitunda chili chomwecho. N'chifukwa chake amene amayamba kutulukira ku Chambe amakhala owonda, a miyendo yopyapyala, osati madolo a zifuwa zotambalala amene amanyamula zitsulo m'tauni.

Mu 2002 wasayansi wa ku Italy, Alberto Minetti, ndi anzake adatenga akatswiri 10 othamanga m'mapiri n'kuwathamangitsa pa makina amene amatha kupendekeka ngati chitunda kapena mtsetse. Adapeza kuti pa chitunda chokwera mamita 45 pa mamita 100 aliwonse opita chitsogolo, mita imodzi imadya mphamvu zoposa kasanu zimene imadya pamalo afulati. Palibe luso limene lingachotse mtengo umenewu. Wa mtima wofooka amaulipira ndi wefuwefu, ndipo amaima.

Luso lilipo lochepetsako pang'ono. Mlendo akaona katswiri atasiya kuthamanga pamalo otsetsereka kwambiri, atawerama, manja ali pamawondo, akukwera mwandawala, amaganiza kuti watopa. Sanatope ayi. Kafukufuku amene adachitika pa yunivesite ya Colorado ku America, n'kusindikizidwa mu 2016, adaonetsa kuti chitunda chikapitirira madigiri 15 kapena 16, kuyenda mwandawala kumadya mphamvu zochepa kusiyana ndi kuthamanga pa liwiro lomwelo. Mapotala adazidziwa kale zimenezi ndi miyendo yawo. Amene amakakamira kuthamanga poti anthu akumuona ndiye amapezeka atakhala pamwala asanafike n'komwe pakati.

Kumwamba mpweya nawo umapepuka. Kwa othamanga ozolowera, VO2 max imatsika ndi pafupifupi 6 peresenti pa mamita 1,000 aliwonse amene akwera. Zigwa za Chambe ndi Lichenya zili pa mamita 1,800 ndi kupitirirapo pamwamba pa nyanja yamchere, kutali ndithu ndi nsonga ya Sapitwa imene ili pa mamita 3,002, komabe n'pokwanira kuti munthu amve kusiyana m'chifuwa. Anthu ambiri amaganiza kuti othamanga a ku Mulanje ali ngati a ku Iten ku Kenya, amene amabadwira, kugona ndi kudzuka pa mamita 2,400. Si choncho. A ku Mulanje amakhala m'tsinde, pa mamita osafika 1,000, ndipo kumwamba amangopitako n'kubwerako. Kuti thupi lichulukitse maselo ofiira a magazi pamafunika kugonera kumwambako masabata atatu kapena anayi. Mwayi wawo suli m'magazi a kumapiri. Uli kwina.

Kusenza katundu si kuthamanga

Aliyense amene adakwerapo phirili m'zaka zimene kudali kucheka matabwa kwambiri amakumbukira amuna otsika ndi matabwa aataliatali a mkungudza kapena paini pamutu, ambiri osavala nsapato, akupondaponda pamiyala ngati palibe chimene asenza. Amakumbukiranso amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni. N'zosavuta kunena kuti anthu otere mpikisano ndi wawo kale.

Asayansi adachitapo chidwi ndi anthu osenza. Mu 1986 Geoffrey Maloiy wa pa yunivesite ya Nairobi, pamodzi ndi Norman Heglund ndi ena, adayeza amayi a Chiluo ndi Chikikuyu. Adalengeza kuti amayiwo amatha kusenza katundu wofika 20 peresenti ya kulemera kwa thupi lawo popanda kuwonjezera mphamvu zimene amagwiritsa ntchito poyenda. Nkhaniyi idamveka dziko lonse, ngakhale kuti kafukufuku wina amene Ray Lloyd adachita pambuyo pake ndi amayi a Chixhosa ku South Africa sadapeze mwayi umenewu mwa onse, koma adapeza ambiri akudandaula khosi. Mu 2005 Heglund ndi anzake adafalitsa zimene adaona ku Nepal, panjira yopita kumsika wa Namche m'mapiri a Himalaya. Kumeneko amuna ankasenza katundu wolemera pafupifupi 93 peresenti ya thupi lawo, akazi 66 peresenti. Nanga ankatha bwanji? Ankayenda pang'onopang'ono kwa maola ambiri, n'kumapuma pafupipafupi. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Pamenepo m'pamene pagona nkhani. Potala waluso ndi katswiri wosunga mphamvu. Sathamanga, salola mtima kugunda mopitirira, amadziwa mwala uti wotsamirapo chikwama, mtsinje uti womwerapo madzi. Komanso liwiro lake limalamulidwa ndi mlendo amene akumuperekeza, yemwe amaima apa kujambula maluwa, apo kumanga zingwe za nsapato. Mpikisano umafuna zosiyana ndi zimenezi: kuyendetsa mtima pafupi ndi malire ake kwa maola awiri osapuma. Ntchito ya upotala imapatsa munthu maziko amene ndalama sizingagule, monga mitsempha yolimba, akakolo ozolowera kupindikapindika, msana wosatopa msanga ndi njira yodziwika pamtima. Koma liwiro silibwera lokha. Limabwera munthu akatula chikwama n'kuyamba kuthamanga dala, masiku angapo pasabata, tsiku lina mtunda wautali mofatsa, lina zitunda zifupizifupi mwaphuma. Potala amene sachita zimenezi amamaliza mpikisano bwinobwino, mawa lake n'kukasenzanso katundu osadandaula, koma mphoto imapita kwa wina.

Pamwamba

Pakati pa Chambe ndi Lichenya njira imakwera ndi kutsika m'maudzu, m'timitsinje ndi m'miyala. Adani a pano ndi awiri, njala ndi chisanu. Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amakwanira ola limodzi ndi theka kapena maola awiri munthu akamathamanga mwamphamvu. Opambana amafika kumapeto nkhokweyo ikungotha kumene. Amene amatha maola anayi kapena asanu panjira sangadalire nsima ya dzulo yokha, ayenera kunyamula nthochi, mbatata yophika kapena kena kalikonse kotsekemera.

Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse, ndipo mu June ndi July udzu wa pamwambapa umatha kudzuka utayera ndi chisanu. Chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique, nkhungu imaphimba njira, miyala imanyowa, thukuta la pa chitunda chija limasanduka madzi ozizira pathupi. Phirili siliona kuti uyu ndi mnyamata wamphamvu. Mu July 2009 Gabriel Buchmann wa ku Brazil, wazaka 28, amene adali atayenda maiko ambiri, adapitirira yekha kukwera Sapitwa atasiya womuperekeza. Nyengo idasintha, iye adasochera, ndipo thupi lake lidapezeka patapita masabata oposa awiri. Adamwalira ndi kuzizira.

Kutsika

Amene sadathamangepo paphiri amaganiza kuti ukafika ku Lichenya zovuta zatha, kwatsala n'kungodzisiya. Othamanga eniake amadziwa kuti apa m'pamene mpikisano umagamulidwa.

Taganizani za mayi amene wafika pakhomo ndi ndowa yodzaza madzi pamutu. Kuisenza kuchitsime kudali kovuta, koma kuitula osataya dontho kumafuna mphamvu ya mtundu wina: mikono imatambasuka pang'onopang'ono kwinaku ikulimbana ndi kulemera kwa ndowayo. Minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imachita zomwezo pa phazi lililonse potsika. Imakokeka kutalika pamene ikuyesetsa kugwira thupi kuti lisagwe. Ntchito yotere siidya mpweya wambiri, n'chifukwa chake munthu sapuma mwabefu potsika, koma imang'amba timinofu ting'onoting'ono m'kati. Ofufuza awiri a ku Colorado, Jinger Gottschall ndi Rodger Kram, adapeza mu 2005 kuti pa mtsetse wa madigiri 9 okha, mphamvu imene phazi limamenyera pansi imakwera ndi 54 peresenti kuyerekeza ndi pafulati. Mtsetse wochokera ku Lichenya, malo ambiri, ndi woposa pamenepo, ndipo munthu amautsika ndi miyendo imene yakwera kale mamita oposa 1,000.

Zotsatira zake amazidziwa aliyense amene adatsikapo phiri asadazolowere. Tsiku lomwelo amaseka. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, kukhala pampando kapena kunjuta kumakhala nkhondo. Chosangalatsa n'chakuti thupi limaphunzira msanga: kutsika kamodzi kokha mwamphamvu kumateteza minofu kwa masabata angapo, moti ulendo wachiwiri ululu umachepa kwambiri. Munthu wa pa Likhubula amene amatsika phiri sabata ndi sabata ali ndi chitetezo chimenechi chaka chonse. Katswiri wa pamsewu wochokera ku Lilongwe, ngakhale mapapo ake akhale aakulu bwanji, alibe.

Kafukufuku wa Minetti uja adaonetsanso chinthu china chimene chiyenera kuti n'chofunika kuposa zonse m'nkhani ino. Potsika mtsetse wa mamita 20 pa 100 aliwonse, mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito zimatsika kufika pafupifupi theka la za pafulati. Mtsetse ukapitirira apo zimayambanso kukwera, chifukwa thupi limalimbana ndi kudziletsa. Ofufuzawo adawerengera liwiro limene mtima ndi mapapo a akatswiriwo zingalole, n'kuliyerekeza ndi liwiro lenileni la pa mipikisano. Pokwera, ziwirizi zidagwirizana. Potsika zidasiyana kutali: akatswiri ankatsika pang'onopang'ono kwambiri kusiyana ndi mmene mapapo awo akadalolera. Chimene chimawagwira si mpweya. Ndi kuopa kugwa, ndi malire a mmene maso, ubongo ndi phazi zingagwirizanirane pa liwiro lotere.

Ndiye potsika amapambana ndani? Amene maso ake ali mamita angapo kutsogolo pamene mapazi akuponda pamene maso adaona kale. Amene amaponda timapazi tifupitifupi, tachangu, osati kudumpha n'kutera ndi chidendene bondo litawongoka. Amene amadziwa kuti thanthwe ili limaterera kukagwa mame, kuti kuseri kwa ngodya iyo kuli muzu wotuluka, kuti apa ukhoza kudzisiya koma apo pali phompho. Mwana amene adakula akutsika ndi nkhuni, kapena akuthamangira kusukulu m'tinjira ta miyala, adayamba sukulu imeneyi asanadziwe kuti ndi sukulu. Mlendo akhoza kufika ku Lichenya limodzi ndi mwini dera, koma pofika pa Likhubula n'kupeza mnzakeyo atamwa kale madzi, akucheza ndi abale ake.

Nkhani ya nsapato imalowa pomwepa. Ambiri akhala akuthamanga mpikisanowu opanda nsapato kapena ndi nsapato zapulasitiki zotchipa, ndipo alendo amajambula zithunzi modabwa. Mu 2010 Daniel Lieberman wa ku Harvard adaonetsa kuti anthu ozolowera kuthamanga chosavala, kuphatikizapo a ku Rift Valley ku Kenya, amakonda kutera ndi kutsogolo kwa phazi, ndipo kutero kumachepetsa kugunda kwadzidzidzi kumene kumabwera munthu akatera ndi chidendene. Phazi losavala limamvanso mwala bwino. Koma tisanamizane. Ambiri mwa othamangawa sadasankhe kuvula nsapato atawerenga za sayansi, adangosowa ndalama yogulira. Chala chikagunda mwala pa liwiro la kutsika Lichenya, mpikisano wathera pomwepo, mwinanso ndi ganyu ya mwezi wonse.

Kumaiko a chipale chofewa

Funso lomweli, loti chimapambanitsa munthu n'chiyani, lakhala likuzunguza makochi a masewera amene kuno kulibe. Ku Ulaya, ku America ndi ku Japan, ngakhalenso ku Afriski m'mapiri a Lesotho, kuli masewera a snowboard. Munthu amamangirira mapazi onse awiri pa thabwa limodzi n'kutsetsereka nalo paphiri lokutidwa ndi chipale chofewa. Adalowa m'masewera a Olimpiki ku Nagano mu 1998. Ali m'magulu angapo: ena amapikisana pokhotakhota m'timbendera, ena amadumpha n'kumazungulira m'malere, ndipo pa snowboard cross, imene idalowa ku Turin mu 2006, anthu anayi kapena kuposerapo amatsika limodzi m'njira ya mabampu ndi makona, woyamba kufika ndiye wapambana.

Kunja kwake masewerawa safanana ndi a pa Likhubula. Wa snowboard sakwera phiri ndi miyendo, amakwezedwa ndi makina, ndipo kutsika kwake kumatha mphindi imodzi kapena iwiri. Koma ntchafu zake zimagwira ntchito ya mtundu womwe uja, yolandira kulemera kwa thupi mawondo atapindika, pokhota ndi potera. Si zodabwitsa kuti Gianluca Vernillo, wofufuza wa ku Italy amene adayeza akatswiri a snowboard a dziko lake, ndi yemwenso adalemba zambiri za mmene thupi limagwirira ntchito pothamanga mokwera ndi motsika phiri. Mwa zina, iye ndi anzake adapeza kuti mwa akatswiri ena a snowboard mwendo wakumbuyo umakhala wamphamvu kuposa wakutsogolo, chifukwa thupi limaumbika motsata ntchito imene limapatsidwa tsiku ndi tsiku.

Ku Innsbruck ku Austria, Hans-Peter Platzer ndi anzake adayeza akatswiri a snowboard a dzikolo: mphamvu za miyendo, kudumpha, kupalasa njinga, kulimba kwa m'chiuno ndi msana, kuima osagwedezeka, ndi liwiro lodzikankha nalo poyambira. Kenaka adayerekeza zotsatirazo ndi mapointi amene aliyense ankapeza pa mipikisano. Zimene adasindikiza mu 2009 zidaonetsa kuti miyezo ya thupi inkalosera bwino ndithu amene angachite bwino pakati pa akazi, koma pakati pa amuna inkalosera mofooka. Njira imodzi yomvetsera zimenezi ndi iyi: pamene opikisana akusiyana kwambiri pa kulimba, wolimba amapambana. Pamene onse afika pa mlingo wofanana, kulimba kumasiya kuwasiyanitsa, ndipo chimene chimatsala ndi luso, kusankha mzere wabwino wodutsamo, zipangizo ndi kulimba mtima.

Zilinso chimodzimodzi pa Mulanje. Mukatenga anthu onse amene ayima pamzere woyambira, kuyambira mlendo wongofuna chithunzi mpaka katswiri, kuyeza mtima ndi mapapo kungakuuzeni mosavuta amene adzakhale kutsogolo ndi amene adzafike anzawo atabalalika. Mukatenga khumi oyambirira okha, muyezowo sukuthandizaninso kwenikweni. Onsewo mapapo ali nawo.

Magazi

Pali chinthu china chimene wa snowboard wa ku Austria sachiganizira koma wothamanga wa ku Mulanje sangachithawe. Okosijeni amayenda m'thupi atakwera pa himogulobini, chinthu chofiira cha m'magazi chimene chimapangidwa ndi ayironi. Malungo amaswa maselo ofiira. Likodzo ndi njoka zam'mimba zimabera munthu magazi pang'onopang'ono osadziwa. Mnyamata amene wadwala malungo mu May akhoza kumva kuti wachira, koma mu July chitunda cha ku Chambe chidzamuuza zoona. Akalephera, anzake amati wachita ulesi kapena wayamba mowa, pamene vuto lili m'magazi.

Kwa akazi nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Mtsikana wothamanga amataya ayironi mwezi ndi mwezi, kuwonjezera pa amene amatayika chifukwa cha kuthamangako. Ndipo m'boma la tiyi lino ndi bwino kudziwa kuti tiyi womwera limodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi wa m'nyemba, nandolo ndi masamba, pamene zipatso ngati nanazi, zimene Mulanje ali nazo zambiri, zimathandiza kuyamwako. Kusuntha kapu ya tiyi ndi ola limodzi kapena awiri kuchoka pa nthawi ya nsima sikulira ndalama.

Otuluka kunja

Miyendo yophukira m'tsinde mwa phirili yafikako kutali. Tereza Master adaimira Malawi pa marathoni ya akazi ku Olimpiki ya ku Rio de Janeiro mu 2016, n'kumaliza makilomita 42 m'maola awiri ndi mphindi 48. Wopambana tsiku limenelo adamaliza m'maola awiri ndi mphindi 24. Edson Kumwamba, mwana wa ku Mulanje, adapita ku South Africa kukafuna ntchito monga amachitira anyamata ambiri, ndipo adadziwika pa mipikisano ya m'mapiri a ku Cape Town mpaka kukathamanga ku mapiri a Alps ku Ulaya.

Nkhani ziwirizi zikusonyeza mbali ziwiri za chinthu chimodzi. Pamsewu wa tala wafulati, luso la pamiyala silithandiza, chimene chimafunika ndi liwiro losasintha limene limamangidwa ndi makilomita ambirimbiri oyezedwa ndi wotchi, chakudya chokwanira, kupuma kokwanira ndi kochi. M'menemo a ku Kenya ndi Ethiopia ali patsogolo ndi zaka zambiri, ndipo akulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Koma pa mipikisano ya m'mapiri, imene ikukula chaka ndi chaka ku Ulaya, ku Asia ndi ku South Africa, chimene mwana wa pa Likhubula adaphunzira akutsika ndi nkhuni ndicho chimene ena amalipira ndalama kuti aphunzire atakula. Ngati dziko lino likufuna masewera amene lingapikisane nawo kunja popanda kumanga bwalo la mabiliyoni, ndi amenewa. Bwalo lake lilipo kale, ndilo phiri la Mulanje, ndipo mu July 2025 bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Tinyumba ta alendo ta ku Chambe, Lichenya ndi Thuchila tili pa msinkhu woti gulu la othamanga likhoza kugonako masabata angapo n'kupeza phindu la mpweya wopepuka limene pakali pano amangolidutsa.

Poyambira sipafuna makina a ku Innsbruck. Kochi wa kalabu ya kumudzi aike munthu ndi wotchi ku Chambe, wina ku Lichenya, wina pa Likhubula, kuti aliyense adziwe chigawo chimene amatayapo nthawi. Wochedwa pokwera awonjezere zitunda. Wochedwa potsika ayambe kuzolowetsa ntchafu miyezi iwiri kapena itatu mpikisano usanafike, pa mitsetse yofatsa kaye, ndipo aiyende njira yonseyo kuti aione ndi maso ake, makamaka poti zigumukire za namondwe wa Freddy mu March 2023 zidasintha malo ambiri paphiri. Ndipo aliyense wofuna kudzaima pamzere mu July, makamaka atsikana, apite kuchipatala akayezetse malungo ndi kuchuluka kwa magazi nthawi ikadalipo.